Higher kapena Ordinary? Kusankha mulingo wa Chingerezi pa mayeso a Leaving Certificate ku Ireland

Lamulungu lina m'mwezi wa March, titangoweruka kutchalitchi kuno ku Dublin, mayi wina wakwathu anandikokera pambali, foni ili m'manja. "Achimwene, tandiwerengereni uthengawu. Akuti mwana wanga atsike. Atsikire kuti, poti chaka chino ndiye akulemba?"

Uthengawo unali wochokera kwa aphunzitsi a Chingerezi, mizere itatu yokha. Mtsikanayo anali atapeza malikisi 34 pa 100 pa mayeso a moko, ndipo aphunzitsiwo ankapempha banja kuti liganizire ngati apitirize ndi Higher Level kapena alembe Ordinary Level. Mayiwo anandiuza kuti usiku wonse sanaone tulo. M'maganizo mwawo, mwana anali akubwezedwa kalasi. Chinawazunguza mutu kwambiri n'chakuti mtsikanayo amayankhula Chingerezi chosalala kuposa aliyense m'nyumbamo, moti ndi iye amene amaimba foni kuchipatala m'malo mwa makolo. Nanga Chingerezi chomwecho chimuvuta bwanji pamayeso?

Makolo ambiri ochokera ku Malawi amasokonezeka ndi nkhaniyi, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Kwathu, MANEB ikakonza mayeso a MSCE, pepala la Chingerezi limakhala limodzi kwa aliyense. Wa ku sekondale ya boma yogonera komweko ndi wa ku sukulu yoyendera ya kumudzi amatsegula funso lomwelo pa ola lomwelo. Palibe chosankha. Kuno n'kosiyana: phunziro ndi limodzi, koma mapepala ndi awiri, ndipo banja liyenera kugwirizana kuti mwana akalembe liti.

## Milingo iwiri ya phunziro limodzi

Leaving Certificate ndi mayeso otsiriza a ku sekondale ku Ireland, ofanana ndi MSCE kwathu. Amawakonza ndi kuwachonga ndi bungwe la State Examinations Commission, lomwe likulu lake lili ku Athlone. Ana amawakonzekera zaka ziwiri zomaliza, zomwe zimatchedwa fifth year ndi sixth year, ndipo amawalemba mu June. Mayeso oyamba penipeni, Lachitatu m'mawa, amakhala a Chingerezi.

Pafupifupi phunziro lililonse limalembedwa pa milingo iwiri. Higher Level ndi mulingo wapamwamba, wa mafunso ozama ndi zowerenga zambiri. Ordinary Level ndi mulingo wamba, wa mafunso osweka tizidutswa ndiponso osazungulira. Mukamva akuluakulu a kuno akuti "honours" ndi "pass", akunena zomwezi, kungoti ndi maina akale omwe sanachoke pakamwa pa anthu. Palinso mulingo wachitatu wotchedwa Foundation, koma uwu uli pa masamu ndi chiyankhulo cha Irish basi. Pa Chingerezi palibe.

Mwana sasankha mulingo umodzi wa maphunziro onse. Akhoza kulemba masamu pa Ordinary, Chingerezi pa Higher, Biology pa Higher, French pa Ordinary, monga momwe mphamvu zake zilili. Satifiketi imene amalandira ndi imodzimodzi, kungoti pambali pa phunziro lililonse pamalembedwa giredi yoyamba ndi chilembo H kapena O. Choncho mwana wa mayi uja sankabwezedwa kalasi. Akanalemba tsiku lomwelo, m'chipinda chomwecho ndi anzake, pepala lokha ndiye losiyana.

Amene muli ndi abale ku England musasakanize ziwirizi. Kumeneko mayeso a GCSE a Chingerezi anasiya kugawidwa milingo kuyambira mayeso a 2017, ngakhale masamu ndi sayansi zikadali ndi milingo iwiri. Malangizo amene mlamu wanu wa ku Leeds angakupatseni pa Chingerezi sakugwira ntchito kuno.

## M'mapepalamo muli chiyani

Funso la mayi uja, loti mwana woyankhula bwino angavutike bwanji, yankho lake lili m'mapepalamo. Mayesowa sayesa kuyankhula. Sayesanso galamala monga tinkachitira kwathu, kudzaza mpata kapena kusankha yankho pakati pa A, B, C ndi D. Amayesa kuwerenga mozama ndi kulemba zazitali, maola ambiri, dzanja mpaka kuwawa.

Pa mulingo uliwonse mapepala ndi awiri, lililonse la malikisi 200. Loyamba limatenga maola awiri ndi mphindi 50. Mwana amapatsidwa nkhani zimene sanaziwerengepo, ayankhe mafunso pa imodzi, kenako alembe kanthu kogwiritsa ntchito pa moyo monga kalata kapena mawu okayankhula pagulu, potsiriza alembe chimangirizo chachitali cha malikisi 100. Chimangirizo chokhachi ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a mayeso onse a Chingerezi. Pepala lachiwiri limabwera tsiku lotsatira masana ndipo ndi lotalikirapo, maola atatu ndi mphindi 20. Ili ndiye la mabuku: buku limodzi lophunziridwa mozama pa malikisi 60, kufananiza mabuku angapo pa malikisi 70, ndi ndakatulo pa malikisi 70.

Mafupa a mayesowa ndi ofanana pa milingo yonse iwiri, nthawi yakenso ndi yomweyo. Kusiyana kuli pa mnofu.

Pa Higher, Shakespeare sathawika. Sewero lake limodzi liyenera kupezeka m'mayankho a mwana, ndipo masukulu ambiri amalitenga ngati buku lija lophunziridwa mozama. Masewero ake monga Hamlet, Macbeth, Othello ndi King Lear amasinthanasinthana chaka ndi chaka. Ambirife tinakumana naye Shakespeare ku Fomu 3 ndi Fomu 4, ndipo tikukumbukira kuti Chingerezi chake ndi cha zaka 400 zapitazo, chimene ngakhale mwana wobadwira ku Cork sachimva popanda womumasulira. Funso la Higher silifunsa kuti chinachitika n'chiyani. Limapereka ganizo, mwachitsanzo loti mfumu ya m'seweroli inadzigwetsa yokha, ndipo mwana alembe masamba atatu kapena anayi kugwirizana nalo kapena kulitsutsa, akutchula mawu a m'seweromo kuchokera pamtima. Pa Ordinary, Shakespeare ndi wochita kufuna, ndipo funso la bukulo limagawidwa tizigawo tating'ono, tina tofunsa molunjika za zochitika ndi anthu a m'nkhaniyo.

Pa ndakatulo ndi pomwe kusiyanaku kumaonekera poyera. Wa Higher amapatsidwa mndandanda wa alakatuli asanu ndi atatu. Tsiku la mayeso pamabwera ochepa okha mwa iwo, ndipo palibe amene amadziwiratu kuti ndi ati. Asankhe mmodzi, alembe chimangirizo pa ndakatulo zake zingapo, ndipo ndakatulozo sizilembedwa papepala. Zonse zikhale m'mutu. N'chifukwa chake mumaona ana a sixth year atamata timapepala ta mizere ya ndakatulo pakhoma la kuchipinda, pachitseko cha firiji, ngakhale pagalasi la kubafa. Wa Ordinary ndakatulo amaipeza yosindikizidwa papepala pomwepo, mafunso ali pansi pake.

Ochonga nawo ali ndi muyeso wawo umene makolo ambiri saudziwa. Pa mayankho aatali, magawo 30 pa 100 amapita pa kuyankha chimene chafunsidwa osapatuka, 30 ena pa kusanja mfundo kuti zilondolozane, 30 enanso pa luso la chiyankhulo, ndipo 10 okha pa kalembedwe ka mawu ndi galamala. Mwana akhoza kulemba Chingerezi chopanda banga, koma ngati wangofotokozanso nthano m'malo molimbana ndi funso, malikisi amathothoka. Winanso akhoza kuphonya masipelo apa ndi apo nkukhoza bwino, chifukwa mfundo zake zalunjika.

## Mapointi, pomwe pagona nkhani

Kwathu tinazolowera kuti mapointi ochepa ndiwo abwino. Wopeza 6 pa MSCE dzina lake limamveka pa wailesi, wa 36 amangoti bola ndakhoza. Kuno zitembenuzeni. Mapointi ambiri ndiwo abwino, ndipo pamwamba penipeni ndi 625.

Malo a ku yunivesite amagawidwa kudzera ku ofesi ya Central Applications Office, imene aliyense amangoti CAO, ya ku Galway. Ofesiyi imatenga maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino koposa, nkusandutsa giredi iliyonse mapointi. Dongosolo la magiredi limene lilipo pano linayamba mu 2017, ndipo lili ndi masitepe asanu ndi atatu pa mulingo uliwonse.

Pa Higher, wopeza malikisi 90 kapena kuposa pa 100 ali ndi H1, mapointi 100. H2 imayambira pa 80 ndipo imapereka 88. H3 ndi 77, H4 ndi 66, H5 imene imayambira pa malikisi 50 ndi 56, H6 ndi 46, ndipo H7, ya malikisi kuyambira 30 osafika 40, ndi mapointi 37. Pansi pa 30 ndi H8, yopanda pointi ndi imodzi yomwe.

Pa Ordinary, wopeza 90 kapena kuposa ali ndi O1, koma mapointi ake ndi 56 basi. O2 ndi 46, O3 ndi 37, O4 ndi 28, O5 ndi 20, O6 ndi 12. Pansi pa malikisi 40 palibe kanthu.

Tayang'anitsitsani manambalawa muone mmene akulumikizirana. O1 ndi yofanana ndi H5. O2 ndi H6. O3 ndi H7. Zili ngati mpira: timu imene yathera pakati pa ligi yaikulu ikulandira mphotho yofanana ndi imene yatenga chikho mu ligi yaing'ono. Mwana amene wapeza theka la malikisi pa Higher wafika kale padenga la Ordinary, denga limene ndi ana ochepa amalikhudza, pakuti kupeza 90 pa 100 pa chimangirizo si chinthu chapafupi pa mulingo uliwonse.

Tsono tibwerere kwa mtsikana uja wa malikisi 34. Imeneyo ndi H7, mapointi 37. Kuti apeze mapointi omwewo pa Ordinary, afunika malikisi 70 kapena kuposa. Kuti awapose, afunika 80. Apa zikuoneka ngati kukhalabe pa Higher n'kwanzeru. Koma tiwerengenso mwanjira ina. Mayeso onse ndi malikisi 400, ndipo mzere wa 30 pa 100 uli pa malikisi 120. Iye ali pa 136. Chomulekanitsa ndi phompho la H8 ndi malikisi 16 okha, ochepera pa malikisi 20 a ndakatulo yachilendo, imene mwana sanaiphunzirepo m'kalasi, yomwe imabwera pa pepala lachiwiri. Mlakatuli amene anamudalira akapanda kubwera, kapena nthawi ikamuthera asanayambe funso lomaliza, malikisi 16 amenewo apita. Mbali inayi, akangowonjezera malikisi 24 wafika pa H6, mapointi 46, omwe pa Ordinary akanafuna 80 pa 100.

Ndiye kuti kwa mwana amene amapeza 45 kapena 50 pa Higher mosaphonya, masamu ake ndi osavuta, kutsika kumutayitsa mapointi. Kwa amene amapeza 20 kapena 25 ngakhale akulimbikira, masamu ndi osavutanso, Ordinary imupatsa kanthu pomwe Higher ikanamusiya chimanjamanja. Ovuta ndi a pakatiwa, oyendayenda pakati pa 28 ndi 40. Kwa amenewa manambala okha sathetsa nkhani.

Dongosolo la 2017 linakonzedwa dala kuti lichepetse mantha a ana oterewa. Kale, wopeza pansi pa 40 pa Higher ankatuluka wopanda pointi, ndipo ana ambiri ankathawira ku Ordinary poopa zimenezo. Kupereka mapointi 37 pa H7 kunali kuwauza kuti ayesere. Lero ophunzira ambiri amalemba Chingerezi pa Higher, ndipo ogwera mu H8 ndi ochepa. Koma pomva zimenezi tikumbukire kuti ambiri amene akanagweramo amakhala atatsika kale mayeso asanafike.

Pali chinthu china chimene chimasiyanitsa Chingerezi ndi masamu. Wolemba masamu pa Higher napeza H6 kapena kuposa amawonjezeredwa mapointi 25 a bonasi. Pa Chingerezi bonasi yotere palibe. Mwana amene akulimbana ndi maphunziro awiriwa pa Higher nthawi imodzi, ndipo nthawi ikumuchepera, ayenera kudziwa kusiyana kumeneku poganiza kuti mphamvu zake aziike pati.

## Mapointi si khomo lokhalo

Kholo likhoza kuwerengetsa mapointi bwinobwino nkuiwala chinthu chachiwiri, chomwe ndi ziyeneretso zolowera. Kwathu timadziwa kuti ukalakwa Chingerezi satifiketi ya MSCE sutenga, ndipo ku yunivesite amafuna makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Kunonso Chingerezi chili ndi udindo wofananako, ngakhale chitapanda kulowa m'maphunziro asanu ndi limodzi owerengeredwa mapointi aja.

Mayunivesite a m'banja la National University of Ireland, monga University College Dublin ndi University College Cork, amafuna maphunziro asanu ndi limodzi, awiri mwa iwo pa H5 kapena kuposa, anayi otsalawo pa O6 kapena H7, ndipo Chingerezi chikhalepo. Trinity College Dublin imafuna atatu pa H5. Taonani kuti pa ziyeneretsozi Chingerezi cha Ordinary n'chololedwa. Mwana wa O6 wadutsa pakhomo, pamene wa H8 watsekeredwa kunja, ngakhale atakhala ndi mapointi ochuluka a masamu ndi sayansi. Kuopsa kwa H8 kuli pamenepa. Si kutaya mapointi kokha, koma kutaya mwayi wa maphunziro ambiri a digiri chaka chimenecho.

Komano maphunziro ena ali ndi zofuna zawozawo pamwamba pa izi. Wofuna kukaphunzira Chingerezi chenichenicho ku Trinity afunika H4, ndipo giredi iliyonse ya Ordinary, ngakhale O1, siimulowetsa. Wofuna uphunzitsi wa ku pulayimale afunika H7 kapena O4 pa Chingerezi. Kwa iye O5 ndi O6 n'zosakwanira ngakhale zili zokhoza. Choncho mwana asanatsike, atsegule tsamba la kosi iliyonse imene walemba pa fomu ya CAO, aone chimene ikufuna pa Chingerezi. Fomuyi imatsekedwa pa 1 February, koma pambuyo pake pamatsegulidwa mwayi wosintha makosi mpaka pa 1 July.

Palinso ana amene njira yawo si ya yunivesite mwachindunji. Ena amapita ku makosi a chaka chimodzi kapena ziwiri otchedwa Post Leaving Certificate, ena kukaphunzira ntchito zamanja monga zamagetsi ndi zamipope ali pantchito. Kwa awa mpikisano wa mapointi ulibe mphamvu yomweyo, ndipo giredi yabwino ya Ordinary imawakwanira.

## Nthawi nayo ndi mtengo

Higher ili ngati chimanga cha haibulidi. Chimabereka kwambiri, koma chimafuna feteleza wokwanira ndi kupalira pa nthawi yake. Feteleza wa mwana wa sixth year ndi maola ake a madzulo, ndipo ndi owerengeka. Alakatuli asanu kapena asanu ndi mmodzi oti awaloweze, sewero la Shakespeare, mabuku atatu ofananiza, zonsezi zimadya nthawi imene ikanapita ku Chemistry kapena masamu.

Ana ambiri kuno amalemba maphunziro asanu ndi awiri, pomwe owerengeredwa ndi asanu ndi limodzi. Limodzi limakhala lapadera, loti likagwa silipweteka. Ngati mwana ali ndi maphunziro ena asanu ndi limodzi amphamvu pa Higher, ndipo Chingerezi ndicho chofooka, n'kutheka kuti sichidzawerengeredwa n'komwe. Zikatero chimene akufuna kwa icho ndi kudutsa pakhomo basi, ndipo Ordinary imamumasulira maola. Aphunzitsi olangiza za ntchito amatchula njira imeneyi kawirikawiri, ndipo si ya ana aulesi.

Koma apa ana athu ena amasiyana ndi anzawo. Mwana amene anabwera ku Ireland atakula kale, atamaliza pulayimale kunja, amatha kumasulidwa pa phunziro la Irish. Ngati sukulu sinamupatse phunziro lina m'malo mwake, amatsala ndi asanu ndi limodzi enieni. Palibe lapadera. Lililonse liwerengeredwa, Chingerezi chomwe. Ndaona makolo akutengera malangizo a anansi awo a kuno osazindikira kuti mwana wa mnansiyo ali ndi phunziro lachisanu ndi chiwiri lomutchinjiriza, pamene wawo alibe. Ana a mayiko ena a ku Ulaya amatha kulemba mayeso a chiyankhulo cha kwawo, monga Chipolishi, nkukololapo mapointi ambiri. Chichewa pa Leaving Certificate palibe, kotero mwayi umenewo ife tilibe.

## Kutsika n'kotheka mpaka tsiku lomaliza, kukwera n'kovuta

Nkhaniyi siyambira mu sixth year. Mayeso a Junior Cycle, olembedwa kumapeto kwa chaka chachitatu cha sekondale, nawonso ali ndi Higher ndi Ordinary pa Chingerezi, ndipo masukulu ambiri amagwiritsa ntchito zotsatira zake pogawa makalasi a fifth year. Mwana amene anaikidwa m'kalasi ya Ordinary ali ndi zaka 14, mwina chifukwa choti anali atangofika kumene ndipo ankachita manyazi kuyankhula, akhoza kukhala momwemo mpaka kumapeto popanda wina kufunsanso ngati akuyenerabe kukhalamo. Izi zimandikhudza kwambiri, chifukwa mwana wochokera ku Malawi amasintha msanga m'zaka ziwiri zoyambirira, ndipo chigamulo cha chaka chake choyamba sichimufotokoza bwino pa chaka chachinayi. Kholo lili ndi ufulu wofunsa kuti mwana ali m'kalasi iti, ndipo chifukwa chiyani.

Silabasi inakonzedwa mwakuti wotsika asasowe pogwira. Sewero la Shakespeare limene a Higher akuphunzira limapezekanso pa pepala la Ordinary, ndipo mndandanda wa ndakatulo za Ordinary uli ndi zina zochokera kwa alakatuli omwewo a Higher. Wotsika mu March sayambira pachiyambi. Chimene afunika ndi kuzolowera kafunsidwe katsopano, chifukwa mwana wozolowera kulemba masamba anayi pa funso limodzi akhoza kumwaza nthawi pa kafunso ka malikisi 10.

Wokwera ndiye ali ndi phiri. Amene wakhala chaka chathunthu m'kalasi ya Ordinary mwina sanatsegulepo Shakespeare, ndipo wawerenga ndakatulo imodzi kapena ziwiri za mlakatuli aliyense pamene Higher imafuna zingapo. N'chifukwa chake aphunzitsi ambiri amalangiza mwana wokayikitsa kuti ayambe fifth year pa Higher, aone mmene ziyendere. Ena amatsutsa, amati mwana amene wakhala miyezi 18 akulandira mapepala ofiira ndi inki amafika potaya mtima ndi phunzirolo, ndipo akanayamba pa Ordinary akanalikonda. Onse awiri akunena zimene anaziona m'kalasi.

Lamulo limalola wolemba Leaving Certificate kusintha mulingo ngakhale m'mawa wa mayeso, pouza woyang'anira mapepala asanagawidwe. Mwayiwu ulipo, koma aphunzitsi amachenjeza kuti chisankho chopangidwa pakhomo la holo mtima ukugunda sichikhala chabwino kawirikawiri, makamaka kwa mwana amene sanaonepo pepala la Ordinary ndi kale lomwe.

## Moko ikutiuza zoona?

Mayeso a moko amalembedwa cha mu February. Sakonzedwa ndi State Examinations Commission. Masukulu ambiri amagula mapepala ku makampani, ndipo ochonga amasiyana dzanja, wina wowolowa manja, wina wouma. Pa nthawiyo silabasi imakhala isanathe m'masukulu ena, ndipo ana ambiri amakhala akulemba pepala la maola atatu ndi mphindi 20 koyamba m'moyo wawo. Malikisi 34 a moko ndi chenjezo loyenera kulimvera, koma payekha sanena zonse.

Chofunika ndi kuona pepalalo, osati nambala yokha. Ndinapempha mayi uja kuti mwana abweretse mapepala ake ochongedwa, ndipo tinawayala pathebulo la kukhitchini kwawo Loweruka lotsatira. Pepala loyamba linali bwino ndithu, chimangirizo chake chinali chokhudza agogo ake a ku Ntcheu ndipo wochonga analemba mawu oyamikira m'mphepete. Pa pepala lachiwiri, yankho la Shakespeare linali tsamba limodzi ndi theka, lofotokoza nkhani kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, funso osalikhudza. Funso la mlakatuli, la malikisi 50, linali ndi mizere isanu ndi umodzi, kenako pepala loyera. Nthawi inamuthera.

Pepala lotere likunena zosiyana ndi la mwana amene wayankha mafunso onse mokwanira, nthawi yamukwana, koma wapezabe 34. Woyambayo vuto lake ndi kagawidwe ka nthawi ndi njira yoyankhira, zomwe zimaphunzitsika m'miyezi itatu. Wachiwiriyo mwina wafika pamene mphamvu zake zili pakadali pano. Nambala ndi imodzi, matenda ndi awiri.

Pokumana ndi aphunzitsi, makolo athu ambiri timangogwedeza mutu mwaulemu monga tinaleredwera, nkutuluka osafunsa kanthu. Kuno aphunzitsi amayembekezera mafunso ndipo sawaona ngati mwano. Afunseni kuti pa ntchito za m'kalasi za chaka chonse mwana wakhala akupeza zingati, osati pa moko pokha. Afunseni kuti malikisi akutayika pa gawo liti. Afunseninso kuti, malinga ndi ana ena amene anawaphunzitsapo, akuganiza kuti pa Ordinary mwanayu angapeze giredi yanji, chifukwa kutsika sikutanthauza kuti O1 ikudikira. Amene akupeza 34 pa Higher akhoza kukapeza O2 kapena O3, ndipo ikakhala O3 ndiye kuti mapointi ndi omwe aja 37, kungoti tsopano alibe mantha a phompho. Ena amaganiza zolipira mphunzitsi wapadera, zomwe kwathu timati patitayimu ndipo kuno amati grinds. Zimathandiza pamene vuto ladziwika bwino, koma ndi ndalama zambiri pa ola, ndipo si banja lililonse lingakwanitse.

Mwini wake naye afunsidwe. Ana athu ena amakakamira Higher poopa kukhumudwitsa makolo amene amagwira ntchito usiku m'nyumba zosamalira okalamba kuti iwo aphunzire. Ena amafuna kutsika chifukwa anzawo atsika. Mtsikana uja, mayi ake atapita kukatereka tiyi, anandiuza motsitsa mawu kuti ndakatulo amazikonda, koma akaona wotchi ya muholo mutu umaima. Iye akufuna unamwino, umene pa Chingerezi ufuna O6 kapena H7, koma mapointi olowera unamwinowo ndi okwera, ndipo iye ndi mmodzi mwa omasulidwa pa Irish amene ali ndi maphunziro asanu ndi limodzi okha.

Banjalo linagwirizana ndi aphunzitsi kuti Loweruka lililonse mpaka tchuthi cha Pasaka azilemba funso limodzi la pepala lachiwiri wotchi ili patsogolo, mphindi 50 pa mlakatuli, ola limodzi pa Shakespeare, aphunzitsi nkumachonga. Alembenso pepala limodzi lakale la Ordinary lathunthu, kuti manambala awiriwo aikidwe pamodzi pathebulo. Akadzatsegulira teremu yomaliza adzakhalanso pansi, banjalo ndi aphunzitsi, kuti asankhe pepala limene adzapemphe Lachitatu lija la mu June.